ZA UMOYO PANYUMBA: Cipupa cakuda ndi cifuwa ca mwana

Awerengi, mvula ikangoyamba mu Novembala, mzere wa ana otsokomola umatalika ku kiliniki. Dzinja lina mai wa ku Kanyama anabwera ndi mwana wa zaka zinai katatu m'mwezi umodzi. M'cifuwa mwa mwanayo munali kulira ngati kamphaka. Tinapima, malungo panalibe, TB panalibe. Ulendo wacitatu ndinafunsa kuti, "Amai, kodi cipupa ca kumene agona mwanayu cioneka bwanji?" Iwo anati ndi cakuda kulekeza m'maondo, ndipo matilesi anunkha cinyontho.

Zakudazo ndi nguwi, ena amati nkhungu. Ndi tizomera tamoyo timene timamera pamalo onyowa ndi kuulutsa kafumbi kosaoneka ndi maso. Bungwe la WHO linafotokoza mu 2009 kuti okhala m'nyumba za cinyontho ndi nguwi amavutika kawirikawiri ndi cifuwa, cimfine ndi asima. Mankhwala timapereka, koma mwana akabwerera m'cipinda comweco, sabata yamawa tidzaonananso.

Yambani ndi madzi

Nguwi siibwera yokha, imatsata madzi. Musanagule penti, zungulirani nyumba mvula ili kugwa. Onani pamene malata adontha, pamene pulasitala yang'ambika, ndi kumene madzi a padenga athera. Ku Kanyama, Chawama ndi George vuto lalikulu licokera pansi. Malo ndi afulati, mwala uli pafupi, ndipo madzi sacedwa kudzaza. Akuluakulu akumbukira cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978. Mabuloko amayamwa madzi monga cingwe ca nyali ciyamwira parafini, makamaka ngati omanga sanaike pulasitiki pamwamba pa maziko.

Cotero thirani dothi kapena zidutswa za mabuloko m'mbali mwa nyumba kuti madzi azithawa cipupa. Amene angathe aike kakhonde ka simenti kopendekera kunja. Kumbani kangalande, ndipo musatayire madzi ocapira patsinde pa nyumba. Ming'alu itsekeni ndi simenti m'cilimwe. Ngati mucita lendi, aonetseni eni nyumba msanga, ndi kuwauza kuti cipupa comwa madzi cimafumbutuka, ndiye ndalama yao imene ionongeka. Mau amenewa amawamva msanga kuposa nkhani ya cifuwa.

Katsukidwe kake

Sankhani tsiku la dzuwa. Tulutsani ana, odwala asima ndi onse ofooka m'thupi. Tsegulani citseko ndi mawindo, valani magolovesi kapena mapulasitiki m'manja, ndi kansalu pamphuno. Musapale nguwi youma, cifukwa fumbi lake lidzadzaza nyumba. Yambani mwatsuka ndi madzi a sopo ndi burashi. Pambuyo pake sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu khumi a madzi, pakani, dikirani mphindi khumi, ndi kutsukuluza. Kunja, ndere zobiriwira za patsinde zicoka mwa njira yomweyo. Zoyera zonga mcere zimene zimatuluka pa mabuloko si nguwi, zisesani cabe zikauma.

Apa ndicenjeze kolimba. Jik sasakaniza ndi mankhwala otsukira m'cimbudzi, viniga, kapena ciliconse cokhala ndi amoniya. Pamatuluka mpweya woocha maso ndi mapapo. Ndinaonapo mtsikana wobanika cifukwa cofuna kuti mankhwala "akhale amphamvu". Ndiponso musasungire Jik m'botolo la zakumwa.

Ngati madzi osefukira analowa m'nyumba, dziwani kuti anadutsa m'zimbudzi zokumba. Tonse tikumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018, ndi ya mu Januwale 2024 pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium. Tsukani pansi ndi zipupa mpaka kupitirira pamene madzi analekeza, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire cakudya.

Laimu kapena penti?

Ine ndikonda laimu. Ndi yochipa, nguwi siikonda ukali wake, ndipo imalola cipupa kupuma. Penti ya mafuta pacipupa conyowa imatsekera madzi mkati, imatupa matuza ndi kusupuka dzinja lisanathe. Ciliconse cimene mwasankha, dikirani cipupa ciume. Laimu ikagwera m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 20 ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo. Penti yakale ya mafuta ingakhale ndi mtovu, umene uononga bongo wa ana. Inyowetseni popala, ndipo zidutswa zake muzitole mwana asanaike m'kamwa. Malata a asibesitosi a nyumba zakale nawonso musawakwece ndi burashi ya waya kapena kuwaceka, fumbi lake limabweretsa matenda a mapapo patapita zaka zambiri.

Ku America nyumba zambiri amazikuta kunja ndi matabwa a pulasitiki ya PVC. Kuno pulasitiki yomweyo tiiona kwambiri m'masiling'i. Ifuna cabe nsalu yofewa ndi madzi a sopo. Sitiliwulu imaikanda, thinazi imaidya, ndipo moto ukaifika imasungunuka ndi kutulutsa utsi woipa. Ikayamba madontho akuda m'malumikizo, kwerani mukaone malata.

Cinyontho cina timapanga tokha. Anthu asanu ogona m'cipinda cimodzi, zobvala zoyanika mkati, ndi mpoto wowira, zonse zimatulutsa nthunzi imene imakhala pacipupa cozizira. Timabowo ta mpweya timene munatseka ndi nsanza mu Juni, titseguleni. Bedi ndi kabati zitalikirane ndi cipupa mpata wolowa dzanja, ndipo matilesi aziona dzuwa. Koma musayese kuumitsa cipinda mwa kusiya mbaula ya malasha usiku mutatseka. Mpweya wake ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Mwana akapuma mofulumira, nthiti zikamalowa mkati, kapena akalephera kuyamwa, thamangani naye ku kiliniki nthawi yomweyo. Akatsokomola kupitirira masabata awiri, akapimidwe TB, cipupa cikhale coyera kapena cakuda.