Apongozi akuti mano a mwana wanga ndi malodza

Azakhali,

Ndine mayi wa ku Kabwata. Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 anabadwa ndi mano awiri komanso zala 6 kudzanja lililonse. Ndi wamfupi kwambiri, mano ake ndi ang'onoang'ono, osongoka, ena sanamere, ndipo mlomo wam'mwamba unamatirira ku nkhama. Apongozi a ku Chelstone akuti ndi malodza ochokera kwathu ndipo akufuna kupita naye kwa sing'anga. Bambo ake angoti duu. Nditani?

Mayi wosweka mtima, Kabwata

Mwana wanga,

Pukuta misozi, palibe chimene unalakwa. Zimene wafotokozazi zikufanana ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Ellis-van Creveld, limene madokotala awiri, Richard Ellis ndi Simon van Creveld, analilongosola mu 1940. Ana otere amakhala ndi manja ndi miyendo yaifupi, zala zoonjezera, zikhadabo zosakula bwino ndi mano ngati a mwana wakoyo. Nzeru zawo nthawi zambiri zimakhala zabwinobwino, sukulu amaphunzira ngati anzawo. Wotsimikizira ndi dokotala akamuyeza.

Ngati ndi vuto limeneli, mwana amalitengera kwa makolo onse awiri, ngakhale iwo akuoneka athanzi. Magazi a bambo ake alimo, ako alimonso. Ndiye apongozi asaloze chala kwanu kokha. Dziwanso kuti pa mimba iliyonse ya inu awiri, mpata woti mwana abadwe chonchi ndi umodzi mwa 4.

Chondidetsa nkhawa kuposa mano ndi mtima. Pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, kawirikawiri kabowo pakati pa zipinda zake. Pita ku kiliniki ya ku Kabwata ukatenge kalata yokutumiza ku chipatala cha ana cha UTH, akamuunike mtima. Ngati amapuma mwabefu, kutopa msanga kapena milomo kuchita bii akamasewera, usadikire mawa.

Manowo amabowoka msanga chifukwa kunja kwake n'kosalimba. Uzimutsuka wekha m'mawa ndi usiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kadontho kofanana ndi njere ya nsawawa. Masiwiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera achepetse. Dokotala wa mano azimuona kawirikawiri, ku UTH komweko kapena ku Dental Training School ku Thornpark. Akamakula, mipata ija amatha kuikamo mano oikirira ndipo mlomowo amaumasula ndi opaleshoni yaing'ono. Wina aliyense asamuzule dzino kapena kumutema mphini pankhama.

Amuna akowo usawasiye kunyumba. Upite nawo kuchipatala akadzimvere okha, ndipo iwowo ndiwo akalankhule ndi mayi awo mwaulemu. Iwe usakangane nawo apongozi. Pamaso pa mwanayo musatchule za malodza, wayamba kale kumva. Kalata ya ku kiliniki ija ukaitenge sabata ino.

Azakhali