Malangizo: Ulendo wa ku Italy ndi Mdzukulu Wofika Msinkhu

Inu agogo amene Mulungu wakudalitsani ndi mdzukulu wofuna kukuperekezani ku Italy, tcherani khutu.

Musanyamuke mu Julayi kapena Ogasiti, pakuti dzuwa la ku Roma m'miyezi imeneyo limaswa mtengo, ndipo misewu yake yakale, yoyalidwa miyala, imalemetsa mawondo a munthu wachikulire. Epulo, Meyi kapena Okutobala ndiyo nyengo yofatsa. Pokalowa m'tchalitchi chachikulu cha San Pietro ku Vatican, nonse awiri muvale zophimba mapewa ndi mawondo, chifukwa alonda a pakhomo amabweza wovala mosayenera. Ndipo Papa, akakhala ali mumzindamo, amakumana ndi khamu la anthu Lachitatu.

Za matikiti a sitima ndi ndalama za euro msiyireni mwanayo, ndipo musachite manyazi kutsogoleredwa ndi iye amene munamubereka kumbuyo. Koma iwe mdzukulu, kumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: mzinda wa Venice uli ndi milatho yoposa 400, yambiri yokwera ndi masitepe, chotero uziyenda monga mwa mphamvu za agogo ako, uwapatse mpata wopumula masana, ndipo mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wamkulu.