Galimoto ikamatentha pa mzere wa mu Limbe

Bambo wina wa ku Bangwe anali ndi Toyota Corolla yakale. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anayamba kuona kuti muvi wa kutentha kwa injini ukukwera akaima pa mzere wa magalimoto pafupi ndi msika wa Limbe. Akalowa mu Masauko Chipembere Highway n'kuponda moto, muvi uja unkatsika wokha. Iwo anangoti ndi nyengo. M'mawa uliwonse ankathira madzi apampopi mu redieta n'kumapita.

Chonsecho vuto linali fani. Galimoto ikamathamanga, mphepo imadutsa yokha pa redieta n'kuziziritsa madzi. Ikaima, ntchito yonse imatsalira fani yamagetsi ija ili kuseri kwa redieta. Madzi akayandikira madigiri 100, sensa imatumiza uthenga, relay imalumikiza moto, fani n'kuyamba kukoka mpweya. Kawirikawiri chomwe chimafa ndi fyuzi kapena relay, tinthu totchipa toti makaniko amasintha muli chiimire.

Tsiku lina masana nthunzi inafuka pansi pa boneti. Mwaphuma, bamboyo anatsegula chotsekera cha redieta injini ili yotentha, madzi owira n'kuwawaula dzanja. Gasiketi nayo inali itapsa, galimoto inakokedwa kupita ku galaja.

Kumeneko anapeza kuti mota ya fani inafa kalekale. Anagula ina yakaunjika, koma pulagi yake sinkagwirizana ndi ya galimotoyo. Mnyamata wa pagalajapo anadula mawaya n'kuwalumikiza mosemphanitsa. Fani inkazungulira ndithu, phokoso likumveka, koma inkakankhira mpweya kutsogolo, kulimbana ndi mphepo ya mumsewu. Sabata isanathe muvi unakweranso. Wina anawalangiza kuti achotse thermostat, fani ailumikize kuti iziyaka ndi kiyi. Malangizo amenewa ndimadana nawo kwambiri: amangobisa matenda, injini imachedwa kutentha ndipo mafuta amatha msanga.

Mukamasinthitsa fani, onetsetsani kuti achotsa kaye waya wa batire, chifukwa pa magalimoto ena fani imayaka yokha ngakhale injini ili yozimitsa, ndipo imadula zala. Akamaliza musachoke msanga. Lizani injini, dikirani mpaka fani iyake yokha, kenako ikani pepala kutsogolo kwa redieta. Likamatirira, fani ikukoka bwino. Likauluka kubwera kwa inu, abwezeni akonze mawaya musanalipire.