Phunziro 14: Tsitsi la Misozi

Kambiranani

Gwirani tsitsi lanu. Kodi ndi lofewa kapena louma? Ndani amakupesani kunyumba? Kodi mumamva kuwawa akamakupesani? Uzani mnzanu amene mwakhala naye pafupi.

Mau atsopano

cipeso, kupotana, mukule, nsatsi, nsonga, nsidze, citambala, cipere

Werengani nkhani iyi

Misozi ali ndi zaka 9 ndipo ali mu Giredi 3. Amakhala ku Chawama mu Lusaka pamodzi ndi amai ake ndi mlongo wake wamkulu, Dalitso.

Misozi ali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii, lopotanapotana. Akalikoka limafika mpaka pacibwano. Akalisiya limabwerera msanga ngati mphira ya malegeni.

Pa masiku onse a m'sabata, Misozi sanali kukonda Sondo. Ndilo linali tsiku loluka tsitsi. Amai ake amagulitsa tomato ku msika wa Soweto. Amacoka panyumba kukali mdima ndipo amabwerako atalema. Nthawi yoluka anali nayo pa Sondo madzulo cabe. Conco anali kuluka mukule wolimba kwambiri kuti usamasuke msanga.

"Khala bwino iwe! Leka kugwedeza mutu," anatero amai.

Cipeso cao cinali ca mano ang'onoang'ono oyandikana. Cikalowa m'tsitsi louma, cinali kukodwa. Amai akacikoka, tsitsi lina linali kuduka ndi kugwera pamphasa. Misozi analuma mlomo. Misozi yeniyeni inatsika m'masaya mwake.

Dalitso anaseka. "Ndiye cifukwa cake dzina yako ni Misozi!"

Usiku umenewo Misozi sanagone bwino. Akagonera kumanja, mutu unali kuwawa. Akagonera kumanzere, unali kuwawanso. Pa Lolemba m'kalasi aphunzitsi anamufunsa funso, koma iye sanamve. Maganizo ake onse anali pamutu pake.

Pa nthawi yopuma, Tamara anagwira tsitsi la Misozi. Tamara anali ataika mankhwala oongola tsitsi, ndipo lake linali kugona.

"Tsitsi yako ni yolimba monga waya," anatero Tamara.

Misozi sanayankhe. Anangoyang'ana pansi.

Pa Ciweru, amai ali kumsika, Misozi anatenga sizasi m'cikwama ca zosokera. Anapita kuseri kwa nyumba. Anagwira mzere umodzi wa mukule, natsegula sizasi.

"Odi kuno! Nanga mkazi mnzanga, sizasiyo ndi ya ciani?"

Anali ambuya ake! Anali atangofika kumene kucokera ku Katete. Pamutu anasenza kathumba ka nshawa.

"Nifuna kudula tsitsi, ambuya. Sinifuna kulukiwa futi. Tsitsi yanga ni yoipa."

Ambuya anatula kathumba kaja. Anakhala pansi ndi kumuika Misozi pakati pa miyendo yao. Anayang'ana bwinobwino pamphumi ndi pafupi ndi makutu. Panali tiziphuphu tating'ono tofiira. Malo ena tsitsi linali litathothoka.

"Kodi unawauza amako kuti cikuwawa?"

"Iyai. Ninaopa. Amai amabwera olema maningi."

Madzulo amai atafika, ambuya anawaitana. "Amake Dalitso, tabwerani mudzaone pamphumi pa mwanayu."

Amai anayang'ana, nagwira pakamwa. "Mayo ine! Sindinadziwe. Ndinali kuyesa kuti akungofuna kukasewera."

"Musadzidzudzule," anatero ambuya. "Inenso ndinali kukukokani cimodzimodzi muli mwana. Ndinadziwa mocedwa. Tsitsi ili silinalakwe ai. Lili ndi ludzu cabe."

Dalitso anadabwa. "Tsitsi imamvela njota?"

"Kateleke madzi pambaula, udzaona wekha."

Ambuya anamasula mukule ndi zala, mzere umodzi umodzi. Sanafulumire. Atamaliza, anatsuka tsitsilo ndi madzi ofunda ndi sopo. Anatikita khungu la pamutu ndi nsonga za zala, osati ndi zikhadabo. Anatsukuluza mpaka thovu lonse litatha. Kenaka anagusagusa tsitsi ndi thaulo. Sanalipukute mwamphamvu, ndipo sanayembekeze kuti liume gwa.

Tsitsi likali lonyowa pang'ono, ambuya analigawa panai. Anatulutsa kabotolo ka mafuta a nsatsi. Anadontheza pang'ono m'cikhatho, napaka gawo loyamba kucokera kumizu mpaka kunsonga. Pamene panali popiringizana, anamasula ndi zala.

Kenaka anatulutsa cipeso ca mtengo. Mano ake anali aakulu ndi otalikirana. Misozi ataciona anatsinzina, nakweza mapewa.

"Tsitsa mapewa, mdzukulu wanga. Cikakuwawa ukambe. Wamva?"

Ndi dzanja limodzi ambuya anagwira tsitsi pafupi ndi khungu. Ndi dzanja lina anayamba kupesa kunsonga. Kunsonga kutamasuka, anapesa pakati. Pomaliza anafika kumizu. Cipeso cinadutsa osakodwa.

Misozi anatsegula diso limodzi. "Mwayamba kale?"

"Gawo loyamba latha," anatero ambuya.

Amai anaseka, koma anali kupenyetsetsa manja a ambuya. "Ine ndimayambira kumizu," anatero.

"Ndiye pamene pali bvuto. Mukayambira kumizu, mfundo zonse zimakaunjikana kunsonga. Ndiye mumakoka, tsitsi n'kuduka. Tengani cipeso, muyese gawo laciwiri."

Amai anayesa. Poyamba anaiwala, nayambira kumizu. Misozi anati, "Amai, apo cawawa." Mau ake anali aang'ono ngati a mwana wa nkhuku. Amai analeka pomwepo, nayambiranso kunsonga.

Atamaliza kupesa, analuka mizere isanu ndi umodzi ikuluikulu. Titsitsi tating'ono ta pamphumi anatisiya osatigwira.

"Tsopano kweza nsidze," anatero ambuya. "Seka. Weramitsa mutu. Pali pamene pakukoka?"

Misozi anakweza nsidze. Anaseka. Anaweramitsa mutu. "Palibe!"

"Koma mukule wotere sudzakhalitsa," anadandaula amai.

"Inde, sudzakhalitsa ngati uja. Mudzalukanso pakapita sabata imodzi kapena awiri. Koma mizere isanu ndi umodzi sicedwa kuluka."

Pogona, ambuya anamumanga citambala coterera kuti tsitsi lisakhulane ndi bulangeti. Usiku umenewo Misozi anagona mpaka tambala atalira.

Pa Lolemba Tamara anabweranso. "Ikali yolimba," anatero. "Futi ni ifupi."

Misozi anamasula kansonga ka mzere wakumbuyo. "Bweretsa rula upime."

Tamara anapima. Tsitsi lili lopotana linali masentimita 6. Misozi atalikoka pang'onopang'ono, linafika pa masentimita 17. Tamara anapimanso kaciwiri kuti atsimikize.

Ambuya anabwerera ku Katete patapita masabata awiri. Cipeso ca mtengo cija anacisiya. Patapita miyezi iwiri, titsitsi tatsopano tinayamba kumera pamphumi pa Misozi. Amai ndiwo anayamba kutiona.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Misozi amakhala kuti?
2. Cifukwa ciani amai anali kuluka mukule wolimba kwambiri?
3. Kodi ambuya anapeza ciani pamphumi pa Misozi?
4. Cifukwa ciani Misozi sanauze amai ake kuti mutu ukuwawa?
5. Ambuya anati tsitsi lili ndi ludzu. Kodi anatanthauza ciani?
6. Mukanakhala Misozi, mukanamuyankha ciani Tamara pa tsiku loyamba lija?

Dziwani izi

Tsitsi lililonse limamera m'kadzenje kakang'ono ka pakhungu. Kadzenjeko kakakhala koongoka, tsitsi limatuluka loongoka. Kakakhala kokhota, tsitsi limatuluka lopotana. Palibe amene amasankha yekha. Mwana amatengera kwa makolo ake, monga mmene amatengera mphuno kapena msinkhu.

Khungu la pamutu limatulutsa mafuta akeake. Pa tsitsi loongoka, mafutawo amatsetsereka mosabvuta mpaka kunsonga. Pa tsitsi lopotana, njira ili ndi makona ambiri, ndipo mafuta amacedwa kufika. Ndiye cifukwa cake tsitsi lopotana limauma msanga, makamaka kunsonga. Tsitsi louma silicedwa kuduka. Madzi amalifewetsa, ndipo mafuta amathandiza kuti cinyezi cisacoke msanga. Conco madzi ndiwo amayamba, mafuta pambuyo. Mafuta pang'ono akwanira. Akaculuka amakola fumbi, makamaka m'miyezi ya mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala.

Mafuta a nsatsi amacokera ku njere za nsatsi. Njerezo ndi zokongola, za mawangamawanga, koma zili ndi poizoni. Musazidye ndipo musapatse mwana wamng'ono kuti aseweretse. Kumene kulibe mafuta a nsatsi, mafuta a kokonati kapena mafuta ena odzola kumutu amagwira nchito.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi. La anthu onse limakula, lopotana ndi loongoka lomwe. Lopotana limaoneka lalifupi cifukwa limadzipinda.

Kuluka kolimba kwambiri kumazula tsitsi, makamaka pamphumi ndi pafupi ndi makutu. Akaleka kukoka msanga, tsitsi limameranso. Akapitiriza kwa zaka zambiri, pena silimeranso. Mankhwala oongola tsitsi naonso ndi amphamvu. Angathe kuocha khungu la mwana ndi kusiya zilonda.

Nanga anyamata? Tsitsi lalifupi nalonso limafuna kutsukidwa ndi kupesedwa. Pometa, makina ayenera kukhala oyera. Lumo limene wina wametera kale lisagwiritsidwenso nchito pamutu panu. Pa makina akuda, zipeso ndi zipewa ndi pamene pamayendera cipere. Cipere cimaoneka ngati kamalo kozungulira kotuwa, ndipo cimayabwa. Tsitsi la pamenepo limaduka. Cimagwira anyamata ndi atsikana omwe. Cipere ca m'mutu sicimatha ndi mafuta odzola. Uzani akulu akupelekeni ku kiliniki, ndipo mumalize mankhwala onse amene akupatsani. Mnzanu akakhala ndi cipere musamuseke. Ingolekani kubwerekana cipeso mpaka atacira.

Zocita 1: Ikani m'ndondomeko

Ziganizo izi zasokonezeka. Zilembeni m'mabuku anu monga mmene ambuya anacitira.

Anapesa kuyambira kunsonga.
Anamasula mukule ndi zala.
Anamanga citambala.
Anapaka mafuta a nsatsi.
Anatsuka tsitsi ndi madzi ofunda.
Analuka mizere ikuluikulu.
Anagawa tsitsi panai.

Zocita 2: Mamvekero a ts ndi ns

Chulani mau awa mokweza pamodzi ndi aphunzitsi.

tsitsi, tsuka, tsiku, tsitsa, tsinzina
nsatsi, nsonga, nsidze, nsima, nsabwe

Liu limodzi lili ndi ns ndi ts pamodzi. Ndi liti? Onaninso mau akuti tsitsi ndi tsitsa. Asiyana pati? Pangani ciganizo cimodzi ndi liu lililonse.

Zocita 3: Kukamba ndi kulemba

Ana a m'nkhani iyi akukamba monga mmene ambiri amakambira m'tauni. Polemba m'kalasi timalemba mosiyana pang'ono. Onani citsanzo.

Pokamba: Tsitsi yako ni yolimba.
Polemba: Tsitsi lako ndi lolimba.

Lembaninso ziganizo izi monga mwa citsanzo.

1. Nifuna kudula tsitsi.
2. Sinifuna kulukiwa futi.
3. Tsitsi yanga ni yoipa.
4. Dzina yako ni Misozi.
5. Tsitsi imamvela njota?

Zocita 4: Tsirizani

Sankhani liu loyenera: louma, mwezi, otalikirana, kiliniki.

1. Cipeso ca ambuya cili ndi mano ________.
2. Tsitsi ________ silicedwa kuduka.
3. Mwana wa cipere apite ku ________.
4. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pa ________.

Tsopano werengerani. Dalitso anameta mpala pa 1 Januwale. Sanametenso. Kodi pa 1 Epulo tsitsi lake linali pafupifupi masentimita angati?

Zocita 5: Sewero

Khalani awiriawiri. Mmodzi akhale kholo limene likuluka kapena kumeta. Wina akhale mwana amene akumva kuwawa. Mwanayo auze kholo mwaulemu pamene pakuwawa. Musagwire tsitsi la mnzanu, ingoyerekezani. Mukamaliza, sinthanani.

Nchito ya kunyumba

Funsani ambuya, amai kapena munthu wina wamkulu za malukidwe a kale. Ena adzakuuzani za vikuti, kumene amazinga tsitsi ndi ulusi wakuda. Afunseni kuti anali kudzola mafuta anji, nanga ndani anali kuwaluka. Lembani ziganizo zitatu za zimene akuuzani, ndipo mujambule maluko amodzi pansi pake. Mawa mubwere nazo kukalasi.