Boti Loyenera Munthu Wachikulire

Funso: Ndine bambo wa zaka 62 wa ku Namitambo, ku Chiradzulu. Ndinapuma pantchito ndipo ndikufuna kuyamba kuwedza. Ndigule bwato lotani, lopepuka komanso losagudubuka?

Yankho: Bambo, kwanu kulibe nyanja, choncho mudzalowera ku Chilwa, mwina padoko la Kachulu ku Zomba. Nyanjayi ndi yosaya, koma mphepo ikaomba mafunde sachedwa kukula. Bwato losema ndi lopapatiza, limafuna munthu amene anakulira m'madzi. Sankhani boti laling'ono la matabwa, lotakata ndi lophwatalala pansi. Limalemerako, koma simudzalisenza, limagona padoko.

Musanalipire, kwerani, khalani pansi, dzukaninso, muone ngati mawondo akulola. Chilwa inaphwa mu 1995 ndipo ikhoza kuphwanso, ndiye ndingakonde muyambe mwabwereka boti musanagule. Miyezi yoyamba muzipita ndi msodzi wozolowera, mutavala jekete yoyandamitsa.