Makina ogaya nthambi oyenda pa malamba: yezani chipata musanagule

Ku Britain, pamene gulu la osadza mitengo lili pa ntchito, maso a anthu odutsa amakhala pa amene wakwera m'mwamba ndi zingwe, sowo ya injini ikulendewera m'chiuno. Komatu chimene chimadya tsiku ndi mulu wa nthambi umene ukukula pansi. Nthambi zosagaya zimadzaza lole msanga pomwe kulemera kwake n'kochepa, ndipo ulendo uliwonse wokataya ndi mafuta komanso nthawi. N'chifukwa chake gulu lililonse limayenda ndi makina ogaya nthambi, amene eni ntchitoyi amangowatchula kuti chipper.

Makinawa si a lero. Peter Jensen wa ku Maasbüll, kumpoto kwa Germany, anapanga oyamba mu 1884, ndipo dzina la Jensen lidakalipo pamsika. Nthambi imalowetsedwa kukamwa kotambalala, zogudubuza ziwiri zamano zimaigwira n'kuikokera ku gudumu lolemera lachitsulo lokhala ndi mipeni, ndipo tizibenthu timatulukira kumpope wa pamwamba. Chipika chikakula, munthu amamva kulira kwa injini kukutsika. Pomwepo zogudubuza zija zimaima zokha, injini ipezenso mphamvu, kenaka n'kuyambiranso kukoka.

Ambiri amayamba ndi makina a matayala okokedwa kumbuyo kwa galimoto. Ndi otsikirapo mtengo, ndipo ambiri mwa omeza nthambi ya mainchesi 6 amapangidwa dala kuti asapitirire makilogalamu 750, malire a ngolo yosafunika mabuleki. Vuto lake ndi limodzi: amathera pomwe pathera msewu. Ngati mtengo uli kumapeto kwa bwalo lalitali kuseri kwa nyumba, anthu awiri kapena atatu amaswera tsiku lonse akukhwekhwereza nthambi, kudutsa pa kapinga wa eni nyumba, kukanikirira m'kanjira ka m'mbali mwa khoma, mpaka kumsewu. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro mapewa amakhala atalema, kapinga atasanduka matope, wokwera uja ali m'mwamba kudikira kuti pansi payere. Makina a malamba a mphira, oyenda okha ngati kasinja, amatembenuza zonsezi: makina ndiwo amapita kumtengo, ndipo ngati mwini malo walola, tizibenthu timatsala komweko kuti tiphimbire nthaka.

Ntchito za kutali ndi msewu zachuluka m'zaka zapitazi. Matenda ofota mitengo ya ash, amene anapezeka ku Britain mu 2012, asiya mitengo yambirimbiri yofunika kugwetsa m'nkhalango ndi m'malire a minda. Namondwe Arwen wa mu November 2021 anagwetsanso mitengo yosawerengeka ku Scotland ndi kumpoto kwa England. Malo oterewa ndi onyowa, ndipo tayala limatitimira pomwe lamba, potambasula kulemera kwake pa nthaka yaikulu, amadutsa bwinobwino.

Funso loyamba kwa wogula si mphamvu ya injini ayi, koma chipata. Zipata zambiri za m'mbali mwa nyumba za ku England n'zotambalala masentimita pafupifupi 90, zina n'zocheperapo. Makina monga Timberwolf TW 230VTR, opangidwa ku Stowmarket, ndi Först TR6 a kampani ya ku Andover, ali ndi malamba otha kufinyika mpaka pafupifupi masentimita 80 podutsa pothina, kenaka n'kutambasukanso kuti aime nji pogwira ntchito. Koma pali msampha umene ogula ambiri saudziwa: kukamwa kwa makina kumakhala kotambalala kuposa malambawo. Wogula wanzeru amapempha wogulitsa kuti apinde kukamwako kapena kukuchotsa iye akuona, aone kuti pakufunika anthu angati ndi mphindi zingati, popeza ntchito imeneyi idzachitika m'mawa uliwonse, mvula ikugwa. Makina a malamba osafinyika amakhala olimba ndi okhazikika bwino kuthengo, koma m'makomo ambiri sangalowe.

Kwa ogwira ntchito m'mbali mwa njanji ndi pansi pa mawaya a magetsi, nkhani ndi malo otsetsereka. GreenMech ya ku Alcester inapanga makina otchedwa SAFE-Trak, amene lamba aliyense ali pa mwendo wakewake wotha kutalika kapena kufupika, moti thupi la makina limakhala loongoka ngakhale pachitunda. Först XR8 inapangidwiranso malo oterowo. Ndi makina abwino, koma ndi okwera mtengo ndiponso olemera. Amene ntchito yake ndi yodula mipanda ya mitengo ya leylandii m'tauni sangapindule nawo.

Kukula kwa nthambi kumanyenga anthu. Pali makina a mainchesi 6, ndiye kuti masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndi a mainchesi 8, oposa masentimita 20. Kawirikawiri zipika zikuluzikulu sizigayidwa n'komwe, zimapita ku nkhuni. Ubwino weniweni wa makina aakulu uli pa nthambi zamphanda ndi zokhotakhota: khosi lotambalala limazimeza zathunthu, pomwe pa laling'ono munthu amayamba wadula mphanda iliyonse ndi sowo. Ndiye poyesa makina, chipika choongoka sichiphunzitsa kanthu. Woyesa abwere ndi nthambi zaminga, zanyowa, zamasamba ambiri, zomwe zimamuvutitsa masiku onse.

Malamba ali ndi mtengo wake. Makina a malamba a mainchesi 6 amalemera kuposa tani imodzi, aakulu amafika tani ndi theka kapena kupitirira, ndipo liwiro lake ndi la munthu woyenda pansi. Sangakokedwe pamsewu, amafuna ngolo ya mabuleki, zitsulo zokwerera ndi malamba omangira. Kuyambira pa 16 December 2021, laisensi wamba ya galimoto ku England, Scotland ndi Wales imalola kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena, koma malire a galimoto yeniyeniyo amakhalabe omwe aja. Kalole kodzaza tizibenthu, anthu atatu kutsogolo, ngolo kumbuyo, kakhoza kupyola malire mwini wake osazindikira.

Pa injini, malamulo a utsi otchedwa Stage V, amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, anasintha msika. Injini za dizilo zoposa makilowati 19 tsopano zimafuna sefa yogwira mwaye, imene imakweza mtengo komanso kulemera. Opanga ambiri anasamukira ku dizilo yaing'ono ya Kubota kapena ku petulo ya Vanguard, yamphamvu koma yakumwa mafuta ambiri.

Mipeni ndiyo moyo wa makina. Ikabuntha, tizibenthu timatuluka taulusiulusi, makina amanjenjemera, mafuta amathera pachabe. Kamwala kamodzi kobisala m'nthambi zokokolola pansi kakhoza kubenthula mpeni watsopano. GreenMech imagwiritsa ntchito mipeni yozungulira imene imangotembenuzidwa mbali ina ikabuntha. Ena ali ndi yoongoka yofuna kunola. Wogula makina ogwirapo kale ntchito ayang'ane maola pa mita, ming'alu ya malamba, kudontha kwa mafuta ndi nambala ya makina, pakuti awa amabedwa kwambiri. Afunsenso kuti wokonza ndi zipangizo zosinthira zili kutali bwanji.

Chitetezo sichikambirana. Malamulo a PUWER a 1998 amafuna kuti wogwiritsa ntchito makina akhale wophunzitsidwa, ndipo maphunzirowo amaperekedwa kudzera ku mabungwe a Lantra ndi City & Guilds NPTC. Chitsulo choimitsira cha m'mphepete mwa kukamwa chiyesedwe m'mawa uliwonse. Dzanja kapena phazi lisalowe m'menemo. Tinthambi tatifupi tikankhidwe ndi nthambi yaitali. Chingwe cha wokwera chikhale kutali ndi mulu, chifukwa chikakodwa chimakoka munthu. Zoteteza makutu ndi maso n'zosachita kufunsa, ndipo poyendetsa pachitunda munthu asaime kumunsi kwa makina.

Amene ntchito zake zambiri zili pafupi ndi msewu asunge makina a matayala, a malamba azingobwereka tsiku limene afunika. Koma amene sabata ndi sabata akuona anthu ake akukhwekhwereza nthambi, abwereke makina a malamba kwa sabata yathunthu, awalowetse pa zipata za makasitomala ake enieni, awakweze pa ngolo n'kukapimitsa kulemera kwake pa sikelo, ndipo pokhapo asaine pepala logulira.