Ntchito ya Mthandizi wa Kuseri kwa Sewero

Kodi mudaonerapo sewero? Mwina mudaonera pabwalo la amfumu, pasukulu kapena patchalitchi. Mwina mudaonera tsiku la msika ku Mponela, ku Madisi kapena kwa Malomo. Mudaseka, mudaomba m'manja, ndipo mudatamanda osewera. Koma kodi mudaganizapo za munthu amene adaika mpando pamalo pake? Nanga amene adakumbutsa wosewera mau ataiwala? Munthu ameneyu saonekera pagulu. Amagwira ntchito yake kuseri. M'phunziro lino tiona ntchito yake, chifukwa inunso mungathe kuigwira.

Masewero m'dziko muno

Masewero si chinthu chachilendo kwa ife. Mu 1970 ophunzira a ku Chancellor College adayamba kuyenda ndi masewero m'madera osiyanasiyana. Mu 1981 adapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kumene adachita masewero okamba za mavuto a anthu a kumudzi. Gulu la Kwathu lidatchuka ndi masewero a m'Chichewa. Mu 1987 Du Chisiza Jr. adayambitsa gulu la Wakhumbata, limene lidayendayenda ndi masewero. Iye adamwalira mu 1999. Kuno ku Dowa, pamsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, chikondwerero cha Tumaini chidayamba mu 2014. Kumeneko oimba, ovina, olakatula ndakatulo ndi ochita masewero adasonkhana pamodzi.

Masewero ambiri a kumudzi amaphunzitsa. Ena amakamba za kolera, ena za kusamala mitengo, ena za kutumiza atsikana kusukulu. Tsono sewero likasokonezeka, uthenga nawonso umatayika. Anthu amabwerera kwawo akuseka zolakwika, osati akuganizira phunziro lake. N'chifukwa chake ntchito ya kuseri ili yofunika.

Ndani amachita chiyani?

M'gulu la sewero muli anthu atatu amene salowa m'bwalo koma amayendetsa zinthu.

Woyamba ndi mphunzitsi wa sewero. Iyeyu amasankha osewera, ndipo amawaphunzitsa kayankhulidwe ndi kayendedwe.

Wachiwiri ndi woyang'anira bwalo. Sewero likayamba, iyeyu ndiye mwini zonse. Amanena nthawi yoyamba, nthawi yoimba ng'oma ndi nthawi yotsiriza.

Wachitatu ndi mthandizi wa woyang'anira bwalo. Iyeyu amakhala kuseri pamodzi ndi osewera. Amasunga katundu, amaitana osewera, ndipo amatsatira mau a sewero m'kope. M'magulu ang'onoang'ono munthu mmodzi amagwira ntchito ziwirizi, koma zimamulemera. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ife a ku Dowa ndi Ntchisi ntchitoyi tikuidziwa kale. Pa gule wamkulu pamakhala atsabwalo amene amakonza bwalo ndi kukhazika anthu bwino. Pa mganda pamakhala wina wosamala ng'oma ndi mabadza. Iwowa sindiwo amene anthu adzera kudzaona, koma popanda iwo gule sakoma.

Kope lanu

Chida chachikulu cha mthandizi ndi kope ndi pensulo. Apa ndi pamene kudziwa kulemba ndi kuwerenga kukupindulireni. Gwiritsani ntchito pensulo osati bolopeni, chifukwa mphunzitsi amasintha zinthu kawirikawiri ndipo mudzafuna kufufuta.

Patsamba loyamba lembani maina a osewera, mbali imene aliyense akusewera, ndi mudzi wake. Ngati ali ndi foni lembaninso nambala yake. Patsamba lachiwiri lembani katundu yense. Masamba otsalawo agaweni pakati ndi mzere. Kumanzere lembani mau a sewero. Kumanja lembani zimene ziyenera kuchitika pamene mauwo anenedwa. Onani chitsanzo ichi:

Mayi akuti: "Mwana wanga wadwala!" Itanani Mlangizi akhale chire.

Bambo akutuluka ndi khasu. Chotsani mphasa, ikani mipando 2.

Amfumu akuti: "Tikumane mawa pachitsime." Kodolani oimba ng'oma.

Masewero ena a kumudzi salembedwa mau onse. Osewera amangogwirizana nkhani, kenaka aliyense amayankhula za kumutu. Ngakhale zili choncho, lembani ndondomeko ya zigawo, ndi mau otsiriza a chigawo chilichonse. Mau amenewo ndiwo chizindikiro chanu.

Kusamala katundu

Katundu wa sewero ndi monga khasu, mtsuko, lichero, mphasa, ndodo, chipewa cha amfumu ndi zovala. Wambiri amakhala wobwereka. Pobwereka lembani zinthu zitatu: chinthucho, mwini wake, ndi tsiku lobweza. Muonetseni mwiniwakeyo ngati chinthucho chili ndi pong'ambika kapena pothyoka, kuti musadzakangane pobweza.

Yalani thumba kapena chitenje kuseri. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake pathumbapo. Wosewera akatuluka m'bwalo abweze chinthucho pomwe adachitenga. Mukatero, kungoponya maso kamodzi mudziwa chimene chasowa.

Nthawi yokonzekera

Pamasiku oyeserera, fikani msanga anzanu asanafike. Sesani bwalo. Lembani mzere pansi ndi phulusa kusonyeza polowera, potulukira ndi poika mipando. Lembani amene abwera ndi amene sanabwere. Ngati wina wadwala, werengani mau ake inuyo kuti anzake asaime.

Wosewera akaiwala mau musathamangire kumuuza. Nthawi zina amakhala chete dala, kuti anthu amve chisoni kapena aseke. Dikirani pang'ono. Akakuyang'anani, mpatseni mau awiri kapena atatu oyamba okha. Otsalawo akumbukira yekha.

Mukaona cholakwika, uzani woyang'anira bwalo kapena mphunzitsi. Si ntchito yanu kudzudzula wosewera pagulu. Ena mwa osewerawo ndi akuluakulu kwa inu. Nenani mwaulemu kuti, "Bambo, konzekani, mulowa posachedwa," kapena, "Mayi, mtsuko wanu uwu."

Tsiku lisanafike

Musadikire tsiku lenileni kuti muyambe kufunafuna zinthu. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kutatsala mlungu umodzi, pitani ndi woyang'anira bwalo kwa amfumu kukapempha bwalo. Funsani ngati tsikulo kulibe chiliza, chinamwali kapena msonkhano wina. Kukagwa maliro sewero liyenera kuimitsidwa, ndipo ndinu amene mudziwitse osewera onse.

Ganiziraninso za nyengo ya kwathu kuno. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula imagwa kwambiri, ndipo misewu ya m'mapiri imaterera. Pezeranitu chipinda cha sukulu kapena tchalitchi chothawirako. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, makamaka kufupi ndi phiri la Ntchisi, ndipo dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Choncho yambani 2 koloko masana kuti anthu ochokera kutali abwerere kukadali kowala.

Tsiku la sewero

Fikani kutatsala maola awiri. Chitani izi motsatana:

1. Sesani bwalo. Tolani minga, miyala ndi magalasi osweka, pakuti osewera ena amakhala opanda nsapato.

2. Khazikani anthu oonera chofulatira dzuwa. Masana ayang'ane kum'mawa. Akatero dzuwa siliwathobwa m'maso, koma liwalira osewera.

3. Mangani chotchinga cha mphasa kapena zitenje. Zikani mitengo yake mozama chifukwa mphepo ya m'mapiri imagwetsa zinthu. Amayi akhale ndi povalira pawo, abambonso pawo.

4. Werengani katundu yense motsatira kope lanu.

5. Ngati muli ndi zokuzira mau, ziyeseni. Onani ngati batire ili ndi moto wokwanira.

6. Ikani madzi akumwa abwino kuseri.

7. Kutatsala mphindi 30 uzani osewera avale. Kutatsala mphindi 5 auzeninso, ndipo oyamba kulowa aime polowera.

Sewero likayamba, diso limodzi likhale pakope, lina pabwalo. Kuseri kukhale zii. Mafoni onse azimitsidwe. Ana amakonda kusuzumira kuseri, choncho pemphani munthu wamkulu mmodzi aziwabweza mwachifatse.

Chinthu chikalakwika musathamange kapena kufuula. Oonera sadziwa zimene mudagwirizana. Ngati ndodo yaiwalika, mpatseni wosewera amene alowe pambuyo pake kuti alowe nayo. Ngati wina wadumpha mau, tsegulani tsamba limene wafikapo ndi kuchenjeza wotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupewa ngozi

Moyo wa munthu uposa sewero. Musalole mpeni wakuthwa, chikwanje kapena nkhwangwa yeniyeni pa chigawo cha ndeu. Semani zamtengo kapena dulani zakatoni. M'botolo la mowa thirani madzi kapena thobwa, osati kachasu. M'botolo la mankhwala musakhale mankhwala enieni, ndipo musagwiritse ntchito botolo limene mudali mankhwala a mbewu ngakhale litatsukidwa. Ngati sewero lifuna moto kapena nyali ya palafini, ikhale kutali ndi mphasa ndi udzu, ndipo ndowa ya mchenga ikhale pafupi. Yesani mpando uliwonse poukhalira inu eni ake. Dziwaninso chipatala chimene chili pafupi, ndi munthu wa njinga amene angathandize mwamsanga.

Sewero likatha

Anthu akamaomba m'manja, ntchito yanu siinathe. Masewero ophunzitsa amatha ndi zokambirana. Lembani mafunso amene anthu afunsa ndi zimene agwirizana kuchita, monga tsiku lokonza chitsime. Zimenezi zidzathandiza gulu lanu pobweranso.

Kenaka werengani katundu kachiwiri. Pindani zovala, ndipo zakuda zikachapidwe. Sesani bwalo, mulisiye monga mudalipezera. Kathokozeni amfumu. Bwezani zobwereka mawa lake lomwelo. Ngati china chasweka, nenani zoona ndipo gulu lilipire. Mukabisa, mawa palibe adzakubwerekeni. Ngati anthu amalipira pakhomo, ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri, ndipo onse asaine m'kope.

Munthu woyenera ntchitoyi

Ntchitoyi siifuna mau okoma kapena nkhope yotchuka. Ifuna munthu wosunga nthawi, wokhulupirika, wosapsa mtima msanga, ndiponso wotha kulemba ndi kuwerenga. Amayi ndi abambo onse angathe kuigwira. Amene waidziwa bwino amakwera n'kukhala woyang'anira bwalo. Luso lomweli limathandizanso poyendetsa ukwati, msonkhano wa kalabu ya alimi, kapena mpikisano wa makwaya.

Mafunso

1. Tchulani anthu atatu amene amayendetsa sewero osalowa m'bwalo.

2. N'chifukwa chiyani mthandizi amalemba ndi pensulo?

3. Kodi mulembe zinthu zitatu ziti pobwereka katundu?

4. Masana, oonera ayang'ane mbali iti? Chifukwa chiyani?

5. Mungachite chiyani wosewera akaiwala mau?

Zochita

Pamodzi ndi anzanu, pekani sewero lalifupi la zigawo zitatu lokamba za vuto la m'mudzi mwanu. Lembani m'kope katundu yense amene afunike, kumene mukam'peze, ndi mau otsiriza a chigawo chilichonse. Sankhani mmodzi akhale mthandizi wa kuseri, ndipo muzisinthana mpaka aliyense alaweko ntchitoyi.